Mphwanga akufuna kulondera makompyuta a asilikali

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu. Ndine mwana wa ku Ntcheu, ndatchona kuno ku Joni zaka 17, ndipo zaka 6 zapitazi ntchito yanga yakhala yosamalira bambo mmodzi wokalamba kumpoto kwa Johannesburg. Chandilembetsa kalatayi ndi uthenga wa mawu umene mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ananditumizira pa WhatsApp Lamlungu lapitali, ndili m'takisi yochokera ku Rosettenville kulowa m'tauni. Mnyamatayu wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndipo akufuna ndimulipirire fizi akaphunzire za chitetezo cha makompyuta. Akuti wamva kuti nkhondo ya masiku ano si ya mfuti yokha, mavayirasi akulowa mpaka m'makompyuta a asilikali, ndiye iye akufuna adzakhale mmodzi mwa owatchinga. Mpaka pamenepo ndinkangomwetulira. Kenaka anawonjezera uku akuseka: "Koma malume, yanuyo yosintha matewera a nkhalamba ndiye ayi, bola ndizikagulitsa kachewere pa Lizulu."

Foni inali pa sipika, takisi yonse inamva. Ndinadzitonthoza kuti Azulu ndi Asutu samva Chichewa, koma mayi wina kumbuyo kwanga anandigwira paphewa. "Achimwene, musadandaule, wanganso amatero. Koma mwezi ukatha woyamba kuflasha ndi iyeyo." Nayenso amasamalira gogo wina ku Linden. Tinaseka mpaka pa Bree, koma nditatsika mawu a mnyamata uja anandikhala pamtima. Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo, ndipo poti oganiza ngati iye alipo ambiri, ndati ndimuyankhire pano pagulu.

Ndiyambe ndi pamene akunena zoona. Za mavayirasizi si nthano. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma ndakhala pa sukulu ina yosalipira. Bambo ndimawasamalirawa, amene ndimangowatchula kuti Madala, ali ndi zaka 84, ndipo moyo wawo wonse anagwira ntchito ya makompyuta, kuyambira nthawi imene kompyuta imodzi inkadzaza chipinda ndipo ankaidyetsa timakadi tobowolabowola. Maso anawathera ndi shuga, ndiye m'mawa uliwonse tikatha kusamba ndimawawerengera nkhani. Ikangotuluka ya akuba a pa intaneti, amandiimitsa ndi dzanja lamanzere, lokhalo lomwe latsala logwira, n'kuyamba phunziro.

Imene amakonda kuibwereza ndi ya 2008. Pa kampu ina ya asilikali a America ku Middle East, munthu wina anasomeka flashi pa laputopu ya ntchito. Mu flashimo munali vayirasi yotchedwa Agent.btz. Inkadzikopera yokha kuchoka pa makina awa kupita pa awo, mpaka inafika m'makompyuta osunga zinsinsi, amene salumikizana n'komwe ndi intaneti ya anthu wamba. Kuichotsa kunatenga miyezi pafupifupi 14, asilikali analetsedwa kugwiritsa ntchito maflashi, ndipo nkhaniyi ndi imodzi mwa zimene zinachititsa America kukhazikitsa nthambi ya asilikali yoona za nkhondo ya pa makompyuta, US Cyber Command. Madala akafika apa amaseka mpaka kutsokomola. Amati tangoganiza, dziko la sitima zankhondo zazikulu ngati mudzi, linavutitsidwa ndi kanthu kochepa ngati chala chako chaching'onochi, ndipo sikanachite kudumpha mpanda, kanalowera pageti kali m'thumba la mwini nyumba. Chaka chotsatira ina yotchedwa Conficker inalowa m'makompyuta a asilikali apamadzi a ku France, mpaka anachita kudula netiweki yawo kuti isafalikire.

Anandiphunzitsanso kusiyanitsa zinthu. Tikamva pawailesi kuti tsamba la pa intaneti la asilikali lathyoledwa, timafulumira kuganiza kuti adani afika kosungira zida. Tsambalo lili ngati chikwangwani cha pageti la Kamuzu Barracks: wina akhoza kulembapo zotukwana usiku, n'zochititsa manyazi ndithu, koma mfuti zili kwina. Ena salembapo kanthu. Amatuma makompyuta zikwizikwi, amene anawagwira kale ndi vayirasi eni ake osadziwa, kuti agogode pakhomo limodzi nthawi imodzi mpaka wofuna kulowa zenizeni asowe podzera. Ndi zimene zinaonekera dziko la Estonia mu 2007, boma litasuntha chipilala cha msilikali wa Soviet mumzinda wa Tallinn. Masamba a boma, a mabanki ndi a nyuzipepala anavutika kwa milungu ingapo, ndipo chaka chotsatira NATO, mgwirizano wa asilikali wa maiko a ku Ulaya ndi America, inatsegula malo ake ophunzirira za chitetezo cha makompyuta mumzinda womwewo. Choopsa chenicheni ndi pamene chikwangwani chija chasanduka njira yolowera m'kati, kapena wa m'kati mwenimweni watsegula yekha. Kunonso zinamveka. Mu Ogasiti 2023 gulu lodzitcha Snatch linalengeza kuti laba mafayilo ochuluka a unduna wa zachitetezo wa South Africa, n'kuyamba kuwamwaza poyera. Akuluakulu poyamba anakana, kenaka anati akufufuza. Ndipo palinso masamba abodza ongovala yunifomu, olengeza kuti asilikali akulemba ntchito, tumizani kangachepe ka fomu. Asilikali a kuno akhala akuchenjeza za amenewa kambirimbiri, ndipo nyambo yake imakola anyamata ngati mphwangayu.

Choncho iwe mphwanga, ntchito ukuifunayo ilipo, ndipo Malawi akuifuna. Tonse tikukumbukira mu Febuluwale 2024 pamene a Lazarus Chakwera, ali Pulezidenti, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowa m'makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kwa ife matchona pasipoti ndi moyo, ndiye nkhaniyo inali pakamwa pa aliyense pa Park Station, pokwerera mabasi kuno ku Joni. Tili ndi lamulo la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo chake, MACRA ili ndi nthambi yoyang'anira zimenezi, ndipo ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa digiri yake. Sindikukutsekera njira.

Koma udzifunse kuti vayirasi ikathawa ku barakisi imakagwera ndani. Mu Meyi 2017 ya WannaCry inagwira makompyuta m'maiko pafupifupi 150 m'masiku ochepa chabe. Kiyi amene inkatsegulira zitseko anasulidwa ndi bungwe la akazitape la America la NSA, ena anamuba n'kumuponya poyera. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotsekera bowolo miyezi iwiri m'mbuyomo, koma ambiri anali asanachiike. Amene analira kwambiri ndi zipatala za boma ku England, kumene maulendo a odwala okaonana ndi dokotala pafupifupi 19,000, maopareshoni omwe, analephereka. Aliyense amene anakhalapo pa benchi la chipatala akudziwa kuti mitu yambiri pamzere umenewo ndi ya imvi. Kuno ku Johannesburg mu Julayi 2019, m'kati mwa chisanu, vayirasi yofuna dipo inatseka makina a kampani ya magetsi ya City Power, anthu n'kumalephera kugula mayunitsi a magetsi. Mu Juni 2024 ina inagwira malabotale a boma a NHLS, zotsatira za magazi n'kumachedwa m'zipatala za dziko lonse. Mnyamata ngati iwe afunda mabulangete awiri n'kugona. Nkhalamba ya shuga yodikira zotsatira za impso ilibe masiku otaya.

Tsopano ndikuuze chimene ndinaona ndi maso angawa. Linali Lachitatu cha m'ma 10 m'mawa, ndikutsuka mbale. Foni ya Madala inalira ndipo anayankha okha, poti ili ndi mabatani akuluakulu. Ndinawamva akuyankha mwaulemu, "Inde... inde... zikomo pondidziwitsa." Nditasuzumira ndinaona nkhope yasintha, dzanja likunjenjemera kuposa masiku onse. Anandikodola nati ndiwawerengere manambala amene angolowa kumene pa foni, chifukwa mtsikana wa ku banki akuti wina akuba ndalama zawo pompano, ndipo akufuna manambalawo kuti atseke akaunti. Mtsikanayo ankawatchula dzina lonse, ndi adiresi yomwe ankaidziwa. Mawu ake anali ofatsa ngati a namwino. Ndinayang'ana uthengawo. Munali manambala 6, ndipo pansi pake panalembedwa kuti musauze munthu aliyense. Ndinati, "Madala, munandiphunzitsa nokha kuti banki sifunsa zimenezi." Anandikalipira. Koyamba m'zaka zonsezi ananditchula wantchito wosamva. Ndinawalanda foniyo, ndinaidula, n'kuiponya m'thumba la apuloni, manja ali thovu lokhalokha.

Anakhala duu mpaka nthawi ya nkhomaliro. Titaimba pa nambala yolembedwa kuseri kwa khadi, a ku banki anati kwawoko palibe amene waimba. Madzulo ndikuwapaka mafuta kumsana, analankhula atayang'ana kukhoma: "Zaka 40 ndakhala ndikuuza anthu kuti asachite zimene ndimati ndichite lerozi." Sindinayankhe. Munthu wodziwa mavayirasi onsewa pamtima anatsala pang'ono kupereka penshoni yake yonse. Mantha akagwira munthu wosaona, amene ana ake wina ali ku Perth wina ku London, mawu ofatsa alionse amamveka ngati a mbale wake. Tsiku limenelo antivayirasi wa m'nyumba muja ndinali ine, wosintha matewerane.

Kwathu kunalibe woteroyo. Chaka chatha ndinawatumizira mayi anga, agogo akowo, K80,000 yoti awonjezere pa feteleza. Tsiku lomwelo anawaimbira munthu wodzitcha wa ku kampani ya mafoni, akuti ndalama zatsakamira, atchule nambala yachinsinsi kuti zituluke. Anatchula. Nambala yake inali chaka chimene ndinabadwa ine. Anabisa milungu itatu chifukwa cha manyazi, ndinachita kumvera kwa mayi ako. Iwe, katswiri wathu wa mawa, unali nyumba yachiwiri kuchokera pakhomo pawo.

Tibwere ku matewera. Inde ndimasintha, kanayi kapena kasanu pa tsiku, ndipo sindichita nazo manyazi, poti amene ankasintha anga akadali moyo ku Ntcheu. Koma ukanabwera tsiku limodzi lokha ukanaona kuti thewera ndi kachigawo kochepa ka ntchitoyi. Munthu wakufa ziwalo mbali imodzi sumudzutsa pomukoka mkono wakufawo, phewa limaguluka. Umapinda mawondo ako, umamuyandikira mpaka chifuwa kukhudzana, n'kuwerengera limodzi mpaka katatu. Akagona umamutembenuza maola awiri alionse, apo ayi kumatako ndi ku zidendene kumabuka zilonda zimene zimayamba ngati kufiira chabe koma zimatha kufika pafupa. Madala sitiroko inawasokoneza kameza, ndiye mu tiyi ndimathiramo ufa wolimbitsa kuti akhale ngati phala lamadzimadzi, chifukwa chakumwa chikalowera ku mapapo chimadzetsa chibayo. Ndimayeza shuga asanadye, BP m'mawa ndi madzulo, ndipo zonse ndimalemba m'kope limene dokotala amayamba waliwerenga asanandifunse kanthu. Mapiritsi amakhala m'kabokosi ka zipinda 14, m'mawa ndi madzulo kwa sabata yonse, ndipo kusokoneza chipinda chimodzi kukhoza kumugoneka munthu m'chipatala.

Madala anandisimbiranso za Stuxnet, imene inadziwika mu 2010 itawononga makina oyenga uranium ku Natanz m'dziko la Iran. Ukathyali wake unali wakuti inkazunguza makinawo pa liwiro losayenera mpaka kuwonongeka, koma pa sikirini ya oyang'anira inkaonetsa kuti zonse zili bwinobwino. Nditamva ndinati, "Madala, imeneyo ndiye ndinu." Nkhalamba ukaifunsa imangoti ndili bwino. Uyenera kuona wekha kuti lero yasiya theka la phala, mkodzo wada, ndipo yakutchula dzina la mchimwene wake amene anamwalira kalekale. Tsiku lina zizindikiro zitatu zomwezi zinandiitanitsa ambulansi, ana awo pa foni akuti ndikukokomeza. Kuchipatala anapeza matenda a m'chikhodzodzo atayamba kulowa m'magazi. Kwa okalamba matenda amenewa kawirikawiri sabwera ndi kutentha thupi, amabwera ndi kusokonekera mutu. Izi sindinabadwe nazo. Zina ndinaphunzira pa kosi ya miyezi itatu imene mwana wawo wamkazi anandilipirira, zina kwa mayi wa mafizo amene amabwera Lachiwiri lililonse, amene amandikalipira ndikanyamula ndi msana m'malo mwa miyendo.

Sindikuti ndi ntchito ya uchi. Msana wanga ukudziwa. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma kuno anafika R28.79 pa ola mu Malichi 2025, koma abale athu ambiri opanda mapepala salandira ngakhale imeneyo. Amalembedwa ngati wa m'munda kapena wa m'nyumba, kenaka gogo akadwala, unamwino umangowagwera popanda kuwonjezerapo khobiri. Inenso ndinalowa pageti limeneli ndi fosholo ndi makina otchetchera kapinga. Ndipo ntchito yathu imathera pa maliro. Tsiku limene Madala adzatsikire kuli chete, nyumba idzagulitsidwa, ine ndidzatsala ndi kalata ya umboni ndi chisoni chimene palibe adzandipepese, poti si ine wachibale.

Koma ntchito yakeyo siidzatha. A WHO akuti pofika 2030 mmodzi mwa anthu 6 alionse padziko adzakhala wa zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo pofika 2050 oterewa adzakwana 2.1 biliyoni, ochuluka mwa iwo ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Ku Japan pafupifupi anthu atatu mwa 10 adutsa kale zaka 65. Kuno ku South Africa kalembera wa 2022 anapeza oposa 6 miliyoni a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo boma limawapatsa osauka mwa iwo ndalama yoposa R2,000 pamwezi kudzera ku SASSA. Britain inachita kusowa manja mpaka inatsegula khomo kwa osamalira okalamba ochokera kunja mu 2022, n'kulitsekanso mu Julayi 2025. Pakati apo ambiri a ku Africa kuno anadyeredwa ndalama ndi maejenti achinyengo, ndiye wina akakuuzani lero kuti ali ndi njira ya ku London, gwirani chikwama chanu.

Wina anena kuti zimenezo n'za azungu, Malawi ndi dziko la ana. N'zoona, kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, theka lawo osakwana zaka 18. Koma cha m'ma 2000, Edzi itatigwira pakhosi, mwana wobadwa ku Malawi ankayembekezeka kukhala zaka za m'ma 40 basi, pamene lero zapitirira 60. Amene anayamba kumwa ma ARV aulere mu 2004 ali ndi zaka 40, lero ndi agogo, ndipo ambiri awonjezerapo a BP ndi a shuga. Nanga ana awo tili kuti? Tili ku Mayfair, ku Cape Town, ena ku Lilongwe ndi ku Limbe. Mwambo woti nkhalamba imasamalidwa ndi ana ake unkayenda bwino pamene anawo ankalima munda woyandikana. Lero timatumiza ndalama, koma ndalama sitembenuza munthu pamphasa. Bambo anga anali a Theba, ogwira ntchito m'migodi ya kuno. Anabwerera kumudzi ndi wailesi, njinga ndi chifuwa, ndipo m'zaka zawo zomaliza anawasamalira mayi okha, kuwanyamula okha kupita nawo kuseri, ine ndili kuno ndikutchetcha kapinga wa eni. Zimene ndikudziwa lerozi ndikanazidziwa nthawi imeneyo, bwenzi sanamwalire ndi chilonda chija cha m'chiuno. Imeneyi ndiye imandisowetsa tulo.

Chowawa kwambiri n'chakuti zimene ndaphunzira kuno kuti ndi matenda, kwathu tikuzitcha ufiti. Gogo wodwala matenda oiwala amadzuka usiku, amavula, amasochera, n'kupezeka pakhomo pa eni m'bandakucha akulankhula zosamveka. Kuno timamuveka kachibangili kolembedwa nambala ya foni, geti n'kukhoma. Kwathu amati ndege yake yagwa. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu mphezi itapha mtsikana wina. Lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oimira okalamba, akhala akufuula chaka ndi chaka, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Lamulo ndi labwino, koma m'bandakucha limakhala lili ku Lilongwe. Amene angafike pakhomo paja ndi mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anaphunzira za matendawo, woti angaime pakati pa gogo ndi gulu n'kunena kuti awa akudwala, patukani ndiwaperekeze kwawo. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo lake ndi limene tikuyamba kulitentha.

Pempho langa, a Mkonzi, lipite kwa a TEVETA ndi sukulu zathu za zaumoyo. Monga momwe ukalipentala, kuwotcherera ndi kusoka zimapezekera m'makoleji a m'madera, kosi ya kusamalira okalamba ipezekenso pafupi, yokhala ndi setifiketi yoti munthu angaionetse ku Blantyre, kuno, kapena kwina kulikonse. Amalawi tikuigwira kale ntchitoyi m'nyumba zambirimbiri za ku Randburg ndi ku Edenvale. Mabwana amatifuna chifukwa cha ulemu ndi kuleza mtima, koma tikuigwira ngati ganyu, ndipo wopanda pepala mtengo wake amamuikira ndi wina. M'kosi imeneyo muikemo sabata imodzi ya za akathyali a pa foni, poti wosamalira gogo masiku ano amasamaliranso foni yake. Nawonso ophunzira za makompyuta asamangolota za asilikali. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, m'maboma ena zikumadzera pa foni kapena ku banki, ndipo ambiri olandira ndi agogo osadziwa kuwerenga. Wowapangira njira yoti alandire popanda kuuza mdzukulu kapena ejenti nambala yachinsinsi adzakhala wagwira ntchito yaikulu ya chitetezo.

Ndipo si onse ayenera kusambitsa munthu. Ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amaphunzitsa mafizo, ku Kachere ku Blantyre kumapita odwala sitiroko okaphunziranso kuyenda, ng'ala za m'maso zimafuna wochotsa, zikuku zimafuna wokonza. Nditapita kumudzi Khirisimasi yapitayi ndinauza mnyamata wowotcherera pa boma kuti andipangire chitsulo chogwirira m'chimbudzi cha mayi, ngati chimene chili m'bafa ya Madala. Anandiseka poyamba. Pano akuti mabanja atatu a m'mudzi mwathu aitanitsa chomwecho.

Asilikali amene mphwanga akufuna kuwateteza nawonso amakalamba. Ku Zomba, pa Cobbe Barracks, kuli nyumba zimene zakhala zikusunga asilikali akale, ena mwa iwo a KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, amene anakamenya nkhondo mpaka ku Burma. Timawakumbukira mu Novembala ndi kaduwa kofiira pachifuwa. Miyezi 11 inayo amafuna wowatungira madzi ndi wowakumbutsa mankhwala.

Mphwanga ndamuuza kuti fizi ya teremu yoyamba ndilipira, koma pa pangano limodzi. Miyezi imene akudikira kuitanidwa kusukuluyi, aziwaperekeza agogo ake kukayezetsa BP pa tsiku lawo, azilemba manambalawo m'kope, awasinthire nambala yachinsinsi, awaphunzitse kudula foni munthu akadali pakati polankhula ngakhale mwambo wawo umati n'chipongwe, ndipo Loweruka lililonse azinditumizira chithunzi cha kopelo. Uthengawo anawerenga, timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu kuyambira Lolemba, koma sanayankhe. Madala akuti ndimupatse mpaka kutha kwa mwezi. Ndilekeze pano, kabelu kawo kakulira, yakwana nthawi yowatembenuza.

Ine wanu,
Mtchona wa ku Ntcheu,
Johannesburg